Kompyuta Siinawolokepo Mtsinje

Mwana wa mlongo wanga anabwera kudzandiona pa tchuthi cha Isitala, laputopu ili m'chikwama. Anamaliza digiri ya uinjiniya chaka chatha, ndipo mtima wake tsopano uli pa digiri yachiwiri, ya luso loyerekezera zinthu pa kompyuta. Titadya nsima tinakhala pakhonde, iye n'kutsegula chipangizo chakecho kuti andionetse mtsinje. Madzi anali abuluu, akuyenda, akukwera m'magombe, ndipo pamene ankathamanga kwambiri panali pofiira ngati makala a moto. "Amalume, mwaona? Chigumula chobwera kamodzi pa zaka 50 chingafike apa," anatero chala chili pa sikirini. Ndinamufunsa ngati mtsinjewo anaupondapo. Anati ayi, mapu ake anawatenga pa intaneti. Ndinamufunsanso kuti batire likanatha pomwepo, akanatha kundiuza ndi pensulo kuti madziwo akwera mamita angati? Anaseka, kenako anangoti zii.

Sindinafunse kuti ndimuchititse manyazi. Mtsikanayu ali ndi mutu kuposa mmene ine ndinalili pa msinkhu wake, ndipo njira imene wasankha ndi yabwino. Kungoti ine ndinaphunzira ntchitoyi tikuwerengera ndi slide rule ndi kabuku ka ma logarithm, ndipo kompyuta inatipeza tili kale pa ntchito. Ndaona ikutipeputsira katundu amene akanatithyola msana, ndaonanso anthu ophunzira bwino akuigwadira ngati mzimu wa kachisi. Zimene ndinamuuza usiku umenewo ndazilemba pano kuti mumve nonse, ana anga, amene mukukonza mapepala oti mukasule lusoli kunja kapena konkuno.

Choyamba dziwani chimene mukukaphunzira, chifukwa ambiri amanyamuka akuganiza kuti akukaphunzira kudina mabatani a mapulogalamu. Malamulo a mmene madzi amayendera, mmene chitsulo chimapindikira ndi mmene kutentha kumalowera m'khoma analembedwa kalekale m'masamu. Navier wa ku France analemba masamu a kayendedwe ka madzi ndi mpweya mu 1822, Stokes anawamalizitsa mu 1845, ndipo Saint-Venant analemba a mitsinje mu 1871. Chovuta n'chakuti masamuwa amasoveka pamanja pa zinthu zosavuta zokha, monga paipi yowongoka kapena mtanda wofanana kuyambira uku mpaka uko. Mtsinje weniweni umakhota, uli ndi bango, mchenga ndi miyala. Mlatho weniweni uli ndi ngodya, mabawuti ndi mowotcherera. Pamenepo pensulo imagonja.

Injiniya ndiye amachita zimene amachita mmisiri womanga nyumba yozungulira ndi njerwa zowongoka. Njerwa iliyonse ndi yowongoka, koma zikakhala zazing'ono ndiponso zambiri, khoma limazungulira ndithu. Archimedes anachita zomwezo zaka zoposa 2,000 zapitazo. Pofuna kuyeza chozungulira, anachizinga ndi mizere yowongoka 96 mkati ndi kunja, n'kupeza kuti nambala imene mumaitcha pi ili pakati pa 3.1408 ndi 3.1429. Sanaipeze yeniyeniyo, koma anadziwa mpanda umene ili mkati mwake. Njira yotchedwa finite element ndi mdzukulu wa nzeru imeneyi. Mumaduladula mlatho kapena damu m'tizidutswa zikwizikwi, kachidutswa kalikonse kali ndi samu yosavuta, kenako mumatilumikiza n'kupatsa kompyuta mulu wonsewo kuti isove. Mainjiniya owerengera mapiko a ndege ku Boeing anaifotokoza mu 1956, Ray Clough anaipatsa dzina mu 1960, ndipo Zienkiewicz wa ku Swansea analemba buku loyamba la njirayi mu 1967.

Tizidutswato tikajambulidwa timaoneka ngati ukonde woyala pa chinthucho, ndipo akatswiri amautcha ukonde womwewo m'Chingerezi. Aliyense amene anakulira kunyanja amadziwa kuti matchera a chambo sagwira usipa. Maso a ukonde akakula, zing'onozing'ono zimapyola, msodzi n'kubwerera akunena kuti m'madzimo mulibe kanthu. Ukonde wa pa kompyuta nawo ndi chimodzimodzi: chimene chili chaching'ono kuposa maso ake sauchiona, ndipo sukuuzani kuti pali chimene waphonya. Choncho yankho la kompyuta nthawi zonse ndi loyandikira chabe. Zaka ziwiri za masitazi, kapena zinayi za PhD, mudzazithera pa funso limodzi: layandikira bwanji, ndipo ndikudziwa bwanji? Amene wabwerako osatha kuyankha funsoli wabwerako ndi pepala lokha.

Mvetserani zimene zinachitika ku Norway. Pa 23 Ogasiti 1991 ankayesa tsinde la konkire la nsanja yopopera gasi panyanja, yotchedwa Sleipner A. Linali chimphona, lotalika mamita 110, lopangidwa ndi zipinda 24 zozungulira zogundana ngati zisa za njuchi. Anali nalo mu Gandsfjord, pafupi ndi mzinda wa Stavanger, akulimiza pang'onopang'ono pothira madzi m'zipindamo. Khoma lina likukankhidwa ndi madzi akuya pafupifupi mamita 65, panamveka chiphokoso. Khomalo linang'ambika, madzi analowa mwamkokomo kuposa mphamvu ya mapampu, ndipo pasanathe mphindi 20 chimphonacho chinali chitamira. Anthu onse anapulumuka, koma chitagunda pansi makina oyeza zivomezi analemba 3.0, ndipo chuma chimene chinatayika chinali pafupifupi madola 700 miliyoni.

Ofufuza anapeza kuti pulogalamu imene anawerengera, NASTRAN, inalibe mlandu. Inali yodalirika, yoyamba kulembedwera bungwe la NASA. Cholakwa chinali pa kayalidwe ka ukonde. Pa ngodya pamene makoma atatu amakumana, tizidutswa tinali tikuluikulu ndiponso topotoka, moti kompyuta inachepetsa mphamvu yometa khomalo ndi 47 peresenti. Zitsulo zimene anaika mu konkire pamalopo zinali zosakwanira. Atawerengeranso bwino ngozi itachitika, anapeza kuti khomalo linayenera kusweka pa mamita 62, pafupi kwambiri ndi pamene linaswekeradi. Pomanga tsinde lachiwiri nthawi inali itawathera, ndipo mbali yaikulu anaiwerengera pamanja, mwa njira za makolo awo a slide rule. Limenelo linaima, ndipo gasi anayamba kutuluka mu 1993. Anthuwa anali akatswiri a m'dziko lolemera, a makompyuta amphamvu. Chimene chinasowa ndi munthu mmodzi wotenga pensulo n'kufunsa ngati nambala ya pa ngodyapo inali yomveka. Zithunzi za utoto zija n'zokongola, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

N'chifukwa chake mwambo woyamba wa ntchitoyi ndi wakuti musamakhulupirire ukonde umodzi. Mukapeza yankho, chepetsani maso a ukonde ndi theka, muwerengerenso. Likasintha kwambiri, simunafike. Chepetsaninso mpaka kusinthako kuzilale. Zimenezi zili ndi mtengo wake. Pa chinthu chokhala ndi mulitali, mulifupi ndi kuya, kuchepetsa maso ndi theka kumachulukitsa tizidutswa kasanu ndi katatu. Ngati chinthucho chikuyendanso ndi nthawi, monga chigumula, pali lamulo limene Courant, Friedrichs ndi Lewy anapeza mu 1928: pa njira zambiri, madzi asalumphe diso la ukonde loposa limodzi pa sitepe imodzi ya nthawi. Mukaliphwanya, manambala amapenga n'kukula mpaka kompyuta kulemba zopanda mutu. Ndiye maso akachepa ndi theka, sitepe nayo ichepe ndi theka, ndipo ntchito imene inkatha ola limodzi imafuna maola 16. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma kudumpha kwake kunali kwa muyezo wa miyendo yake.

Dziwaninso kuti kompyuta imadula manambala kumchira. Mmene ife sitingathe kulemba gawo limodzi la magawo atatu mpaka kumapeto, 0.3333 osatha, iyonso singathe kusunga 0.1 ndendende, chifukwa imawerenga ndi 0 ndi 1 basi. Kotsalako n'kochepetsetsa, koma kakabwerezedwa kambirimbiri kamasanduka mtolo. Pa 25 Febuluwale 1991 ku Dhahran, m'dziko la Saudi Arabia, makina a Patriot otchinga mizinga anali atayaka maola pafupifupi 100 osazimitsidwa, akuwerenga nthawi m'magawo khumi a sekondi. Wotchi yake inali itasokonekera ndi masekondi 0.34. Pa kanthawi kameneko mzinga wa Scud umayenda mtunda woposa theka la kilomita. Makinawo anaufunafuna pamalo polakwika, ndipo asilikali 28 anafa. Phunziro la zolakwa zing'onozing'onozi ophunzira ambiri amaliona ngati lotopetsa. Inu musadzalijombe.

Munthu amene ndimafuna kuti mumudziwe bwino ndi Lewis Fry Richardson wa ku England. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anakana kugwira mfuti chifukwa cha chikhulupiriro chake, n'kumayendetsa ambulansi ku France. Pa nthawi yopuma ankawerengera pamanja zanyengo: anatenga miyezo ya pa 20 Meyi 1910 n'kuyesa kulosera mmene mpweya ungasinthire m'maola asanu ndi limodzi. Zinamutengera masabata asanu ndi limodzi. Yankho lake linati kulemera kwa mpweya kusintha ndi ma hectopascal 145, pamene tsikulo sikunasinthe kwenikweni. Ngakhale namondwe wa Freddy sanafike pamenepo. Koma bamboyu sanabise. Mu 1922 anasindikiza buku lofotokoza njira yakeyo pamodzi ndi yankho lolakwikalo, ndipo anawerengera kuti pangafunike anthu 64,000 okhala m'chinyumba chimodzi, aliyense ndi pensulo, kuti kulosera kuziyenda limodzi ndi nyengo. Mu 1950 kompyuta ya ENIAC inachita kulosera koyamba mwa masamu. Patapita zaka zambiri, katswiri wa ku Ireland Peter Lynch anabwereza ntchito ya Richardson n'kusonyeza kuti masamu ake anali olondola. Chinamupweteka ndi miyezo yoyambira ya mphepo ndi mpweya, imene inali yosagwirizana. Uthenga wa namondwe umene mumalandira pa foni lero ndi chipatso cha munthu amene anaonetsa poyera kulephera kwake.

Nkhani ya miyezo yoyambira imatikhudza ife kuposa ena, ndipo pano ndiulule zanga. Ndili ndi mphamvu zanga, ndinapatsidwa ntchito yowerengera kalavati pa kamtsinje kena m'boma lina la kummwera. Ofesi yathu inali itangolandira kompyuta, ndipo ndinali wonyada nayo. Ndinaithira manambala a mvula ndi kukula kwa dera lothira madzi mu kamtsinjeko, iyo n'kundipatsa kukula kwa mapaipi. Tikukumba, agogo ena a m'mudzimo anatiyang'ana kwa nthawi, kenako anandikodola. Anandiperekeza pa mtengo wa mbawa wa m'mphepete n'kundilozera nthambi yopitirira mutu wanga. "Mwana wanga, chaka chija cha mvula zinyalala zinakodwa apa," anatero. Ine ndinawathokoza mwaulemu, mumtima ndikuti agogowa akukokomeza, poti pepala la m'kompyuta linali m'thumba langa. Dzinja lachiwiri kalavatiyo inapita ndi madzi. Palibe anafa, koma kwa miyezi anthu ankasenza chimanga ndi odwala kuwoloka khwawa. Nditabwerera ku mafayilo ndinapeza kuti manambala a mvula anali a siteshoni ya kuchigwa, kutali ndi phiri limene kamtsinjeko kamachokera, ndipo mapu anga ankasonyeza nkhalango imene inali itatha kale ndi makala. Kompyuta inayankha bwino funso limene ndinaifunsa. Funsolo ndi limene linali la mtsinje wina.

Kuchokera tsiku limenelo ndimafunsa mafunso awiri pa ntchito iliyonse, ndipo aphunzitsi anu akakupatsani mayina ake a Chingerezi, verification ndi validation. Loyamba: kodi samuyi ndaisova bwino? Limeneli mumaliyankha muli pa desiki, poyesa pulogalamu yanu pa funso limene yankho lake limadziwika kale ndi pochepetsa maso a ukonde. Lachiwiri: kodi ndasova samu yoyenera? Limeneli silingayankhidwe pa desiki. Limafuna labotale, limafuna nsapato za matope, limafuna kukhala pansi ndi munthu amene amawerenga geji ya mtsinje m'mawa uliwonse ndi agogo amene amakumbukira pamene madzi anafika. Madzi saiwala khwawa, ndipo anthu okhala m'mphepete mwa khwawalo saiwala madzi.

Tsono musananyamuke, longedzani kamba woyenera. Masamu a ma matrix, calculus ndi ma differential equation, amene ambiri munangowaloweza kuti mukhoze mayeso ku MUBAS, ku MUST, ku Zomba kapena ku Mzuzu, abwerezeni mpaka akhale anu. Kumene mukupitako sakadikira kuti muwakumbukire. Phunzirani kulemba pulogalamu nokha. Yambani ndi Python, imene ndi yaulere, ndipo musanyoze Fortran: inabadwa mu 1957 koma mapulogalamu ambiri olosera zanyengo amayendabe ndi iyo. Dziyeseni ndi kantchito aka: tengani chitsulo chotentha mbali imodzi, lembani mizere makumi angapo yowerengera mmene kutentha kukuyendera, muyerekeze ndi yankho la m'buku. Kenako chepetsani maso ndi theka muone ngati cholakwa chikutsika kanayi monga masamu amalonjezera. Tsiku limene mudzaone zimenezi ndi maso anu, mwalowa m'bwalo. Munthu amene analembapo kapulogalamu kake sachita mantha ndi pulogalamu yaikulu, ndiponso saikhulupirira mopusa, chifukwa amadziwa zimene zili m'mimba mwake.

Posankha kopita, musayambe n'kukongola kwa mzinda. Pafupi pompa, ku Muizenberg mu Cape Town, kuli AIMS, imene inatsegulidwa mu 2003 kuti izisula achinyamata a mu Africa pa masamu, ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Pa University of Cape Town pali likulu la kafukufuku wa lusoli lotchedwa CERECAM, ndipo mumzinda womwewo muli CHPC, kumene kuli makompyuta akuluakulu a dziko la South Africa. Kutsidya la nyanja kuli Swansea, kuli Stuttgart, kuli CIMNE ku Barcelona. Za fizi, Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo kulinso sikolashipu za Commonwealth ndi za DAAD ya ku Germany. Koma choposa dzina la yunivesite ndi munthu amene adzakuyang'anireni. Werengani zimene analemba. Funsani amene anadutsa m'manja mwake ngati amawerenga ntchito ya ophunzira ake, ngati amapezeka zikavuta, ngati ophunzira ake amamaliza. Supavaiza wotchuka amene mumamuona kawiri pa chaka amaposedwa ndi wosatchuka amene amakhala nanu pansi sabata iliyonse.

Kumeneko mukapeza mapulogalamu odula monga ANSYS, Abaqus ndi MATLAB, ndipo yunivesite ikakulipirirani laisensi. Aphunzireni, chifukwa makampani amawafuna. Koma kumbukirani kuti limenelo ndi khasu lobwereka, ndipo mwini wake adzalilanda tsiku limene mudzavale gauni. Mukabwerera kwathu kuno, ofesi zochepa zingakwanitse laisensi zoterozo. Choncho gwiritsitsani zida zaulere: OpenFOAM ya kayendedwe ka madzi ndi mpweya, FEniCS ya finite element, HEC-RAS ya mitsinje ndi zigumula, EPANET ya mapaipi a madzi a m'mizinda, QGIS ya mapu. Zimenezi zimayenda pa laputopu wamba, ndipo palibe adzakulandeni.

Mukafika, konzekerani miyezi ya mdima. Pulogalamu idzakana kuyenda kwa masabata, ndipo pomaliza mudzapeza kuti munalemba chizindikiro chochotsera pamene pamafunika chophatikiza, kapena munasakaniza mamilimita ndi mamita. Mudzadziona ngati mbuli yokhayo m'chipindamo. Onse amene mukuwaona akumwetulirawo anadutsa momwemo. Ife tinaleredwa kuti mwana safunsafunsa pamaso pa akulu, ndipo ulemu umenewu umatipweteka m'kalasi la kunja, kumene kukhala chete amakuyesa kumvetsa. Safunsa anadya phula. Mukakanika masiku atatu, gogodani pakhomo la mphunzitsi muli ndi zimene mwayesa m'manja. Sungani kope lolembamo chilichonse chimene mwasintha ndi chifukwa chake, phunzirani Git, ndipo ntchito yanu izikhala m'malo awiri kapena atatu. Laputopu imabedwa, ndipo imakonda kufa mwezi wopereka thesis.

Yesero lalikulu lidzabwera mwakachetechete, usiku, muli nokha. Pa masamu a mtsinje pali nambala ya Manning, yosonyeza kukhakhala kwa pansi ndi magombe. Siyezedwa ndi tepi, munthu amaisankha mwa nzeru zake. Yankho lanu likakana kufanana ndi miyezo, mudzaona kuti mukaikankha pang'ono nambalayi mizere ya yankho lanu ndi ya miyezo imagonerana bwinobwino, ndipo palibe angadziwe. Kuikonza nambalayi ndi chigumula chimodzi n'kuiyesa pa chigumula china chimene simunachigwiritse ntchito, n'kulemba poyera zimene mwachita, ndiyo ntchito. Kuipotoza mpaka itapitirira zimene mtsinje weniweni ungakhale nazo, n'kubisa, ndiko kuphika manambala. Wophika manambala a mlatho mlandu wake umadzazengedwa anthu ali pa mlathopo. Masiku ano kwabweranso mapulogalamu a AI amene amakulemberani code m'kanthawi kochepa. Agwiritseni ntchito, ine sindine mdani wa chida chatsopano. Koma mzere umene simungathe kuufotokoza musaulowetse mu ntchito yanu, chifukwa pansi pa pulani padzakhala siginecha yanu ndi nambala yanu ya kaundula wa mainjiniya.

Ena adzakuuzani kuti maphunziro oterewa ndi a mayiko opanga ndege, kuno n'kungotaya nthawi. Muwafunse kuti magetsi athu amachokera kuti. Pafupifupi onse a madzi ali pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mbiri imasonyeza kuti kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja ya Malawi inatsika moti Shire analeka kutulutsa madzi ake. Zitseko za baraji ya Kamuzu ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, zili pakati pa anthu awiri olira. Mu 2024 nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mphepete, eni ake akuti tsegulani, pamene a kumunsi kwa Shire akuti mukatsegula mutimiza. Kutsegula pang'ono bwanji, kwa masiku angati, ndi samu ya mtundu womwe mukukaphunzirawu. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 600 anafa. Ku Chiromo, Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo. Ku Karonga mu 2009 ndi ku Salima mu 1989 nthaka inagwedezeka, ndipo nyumba zathu za njerwa zowotcha zomangira dothi zinaonetsa kufooka kwake. Mafunso onsewa akudikira munthu wodziwa masamu amenenso amadziwa malowo.

Sindikunamizani kuti mukabwerera mudzapeza mpando wolembedwa dzina la luso lanu. Mipando yotero njochepa. Mudzalowera pakhomo la uphunzitsi, la mabungwe a madzi, la magetsi, la misewu, la zanyengo, kapena la makampani opanga mapulani, ndipo luso lanu mudzachita kulionetsa ndi ntchito. Ena mwa inu mudzatsalira kunja, ndipo ine sindiponya mwala, poti aliyense amadziwa katundu amene wasenza kwawo. Pempho langa ndi laling'ono. Posankha mutu wa kafukufuku, yambani mwafunsa ngati njira imene mukuphunzirayo singayesedwe pa Shire, pa Ruo, pa phiri la Mulanje kapena pa khoma la njerwa zathu. Aphunzitsi ambiri amakondwera ndi funso latsopano. Mukamaliza, miyezo imene munasonkhanitsa ndi pulogalamu imene munalemba musiyeko ku yunivesite ya kwathu, kuti wobwera pambuyo panu asadzayambirenso pa chiyambi. Malipoti ambiri a mitsinje yathu analembedwa ndi alendo amene anakwera ndege ndi mafayilo awo, ife n'kutsala ndi chikuto chokongola.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamuuza kuti mafomu alembe ndithu, koma asanawatumize akwere minibasi apite ku mtsinje wake uja, akayende m'magombe, akaponye kamtengo m'madzi n'kuwerenga masekondi amene katenge kuyenda mamita khumi, akafunse eni mudzi pamene madzi anafika chaka cha Freddy. Nanunso, ana anga, mwambo wake ukhale womwewo kulikonse kumene mudzakhale: musanadine batani, lembani pa pepala yankho limene mukuliyembekeza ndi chifukwa chake. Kompyuta ikagwirizana nanu, yesaninso ndi ukonde wina. Ikatsutsana nanu, musadzuke pampandopo mpaka mutadziwa kuti wolakwa ndani pa awirinu.